Mtsinje umene unawatsatira kutsidya la nyanja

Kumtunda kwa chilumba cha Mauritius kumacha mochedwa. Pamene kugombe dzuwa layamba kale kuswa mtengo, kuno ku Grand Bassin nkhungu imakhala ikadali phe pamwamba pa madzi, ndipo kamphepo kake kamalowa m'mafupa ngati chiperoni cha ku Thyolo. Msewu wopita kumeneko umadutsa m'minda ya tiyi ya Bois Chéri ngati mukuchokera kummwera, kapena m'nkhalango ya mitengo ya paini ngati mukuchokera ku Vacoas. Mulimonse mmene mungadzere, choyamba kukulonjerani ndi chifaniziro cha Shiva, mulungu wa Ahindu, chimene chimatulukira m'nkhungumo pang'onopang'ono: poyamba mkondo wa nsonga zitatu, kenako mutu, kenako njoka yozengezeka pakhosi. N'chachitali mamita 33. Anthu a kuno amachitcha Mangal Mahadev, ndipo chinatsegulidwa mu 2007. Chapafupi pomwepo pali china chofanana nacho msinkhu, cha mulungu wamkazi Durga ataimirira ndi mkango wake, chimene chinamalizidwa mu 2017.

Alendo ambiri amaima pamenepo, n'kujambula zithunzi, n'kubwerera m'basi. Ndimawamvera chisoni, chifukwa amakhala atathera pachipata. Chimene anthu amadzera kuno chili kumunsi, kuseri kwa mitengo: kanyanja kobiriwira, kodekha, kokhala m'chibowo cha phiri limene kalekale linkalavula moto, pamalo okwera mamita pafupifupi 550 pamwamba pa nyanja yamchere.

Tsiku limene ndinafikako linali wamba, lopanda chikondwerero. M'mbali mwa madzi munali mabanja angapo, lililonse patebulo lake laling'ono la simenti. Mayi wina wachikulire, atapinda sari yake mpaka m'mawondo, anali ataima m'madzi. Pambale ya mkuwa anaikapo nthochi, kokonati, maluwa achikasu ndi kachidutswa ka kamfa. Anayatsa kamfayo, n'kuzunguliza mbaleyo katatu pamwamba pa madzi, milomo ikugwedera koma mawu osamveka. Kumbuyo kwake kamdzukulu kankayang'ana nsomba ndi mikunga ikuluikulu imene imabwera kudzadya zotsala za nsembe. Palibe amene amawedza m'nyanjayi. Apusi nawo anali tcheru pakhoma, kudikira kuti pemphero lithe kuti atole nthochi. Fungo la lubani linali ponseponse, ndipo belu la m'kachisi linkalira nthawi iliyonse munthu akalowa.

Ahindu a ku Mauritius amaitcha nyanjayi Ganga Talao, kutanthauza dziwe la Ganga. Ganga ndiye mtsinje woyera wa ku India, umene ena amautcha Ganges. Uli kutali ndi kuno makilomita masauzande angapo. Nanga unafika bwanji pamwamba pa phiri, pachilumba chimene chili m'nyanja ya Indian Ocean, kummawa kwa Madagascar, m'dziko limene ife Amalawi timakhala nalo limodzi m'mabungwe a SADC ndi COMESA? Yankho lake silili kuphiri kuno. Lili kudoko, mumzinda wa Port Louis, ndipo amene akufuna kumvetsa makachisi a dziko lino ayambire kumeneko.

Makwerero 16

Pamalo otchedwa Trou Fanfaron, pafupi ndi pokwerera mabasi opita kumpoto, pali zipupa zakale za miyala yakuda zimene munthu angazidutse osazizindikira. Pamenepo ndi pa Aapravasi Ghat, pofikira alendo obwera kudzakhala. Kuchokera m'madzi pali makwerero 16 a miyala. Ndi ochepa, mwana akhoza kuwakwera mothamanga. Koma makolo a anthu ambiri a dziko lino anaponda pamenepo tsiku limene anatsika m'chombo.

Nkhani yake ndi ya nzimbe. Dziko la Britain litathetsa ukapolo, umene ku Mauritius unatha pa 1 Febuluwale 1835, eni minda ya nzimbe anasowa owalimira. Anatembenukira ku India. Pa 2 Novembala 1834, ukapolo usanathe n'komwe, chombo chotchedwa Atlas chinafika ndi anthu 36 olembedwa ntchito pa kontalakiti. Amenewo ndiwo anatsegula njira. Pakati pa 1834 ndi 1920 anthu pafupifupi theka la miliyoni anafika pachilumbachi mwa njira imeneyi, ambiri ochokera ku Bihar ndi madera oyandikana nawo kudzera padoko la Calcutta, ena ochokera kummwera kudzera ku Madras, ena kudzera ku Bombay. Nyumba yowalandirira pa Trou Fanfaron inayamba kugwira ntchito mu 1849. Munthu akatsika ankasamba, kupimidwa ndi dokotala, kupatsidwa nambala, kenako n'kugawidwa kumunda. Pambuyo pake anayambanso kuwajambula zithunzi. Mabuku a mayina, manambala ndi zithunzizo akusungidwa ku Mahatma Gandhi Institute ku Moka, ndipo mpaka lero anthu amapita kukafufuzamo nkhope za azigogo awo.

Kontalakiti inali ya zaka 5, malipiro a mwamuna anali marupi 5 pamwezi, ndipo panali lamulo lankhanza lakuti ukajomba tsiku limodzi akudule malipiro a masiku awiri, ngakhale utajomba chifukwa cha malungo. Anthu a kuno amasimba kuti olemba ntchito ku India ankanamiza amphawi kuti pachilumbachi ukangotembenuza mwala upeza golide. Miyala anaitembenuzadi. Mukamayenda m'minda ya nzimbe mudzaona milu ikuluikulu ya miyala yakuda itaunjikidwa pakati pa minda ngati zulu. Inazulidwa ndi manja a akapolo ndi a anthu a makontalakiti kuti khasu lipeze polowa. Mmalawi amene agogo ake anapita ku Wenela kapena amene anamvako za thangata safunikira womasulira kuti amve nkhani imeneyi.

Koma panali chinthu china chimene chinkawawa kuposa chikwapu. Kwa Mhindu wa nthawi imeneyo, kuwoloka nyanja yamchere, imene ankaitcha kala pani, madzi akuda, kunali kudzidula ku mtundu wako. Unkasiya manda a makolo, kachisi wa m'mudzi mwako, ndi mtsinje wa Ganga umene umatsuka machimo a amoyo ndi kulandira phulusa la akufa. M'chombo anthu a magulu amene kwawo sakanadyera mbale imodzi ankagona mothithikana, n'kuyamba kutchulana kuti jahaji bhai, abale a m'chombo. Ambiri sanabwererenso. Bungwe la UNESCO linaika Aapravasi Ghat pamndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006, ndipo 2 Novembala ndi tsiku la tchuthi ku Mauritius.

Chipembedzo chawo sichinayambe ndi makachisi a nsanja. Chinayambira pansi pa mtengo, m'mphepete mwa munda, pomwe munthu anaimika miyala ingapo n'kuipaka utoto wofiira. Timalo timeneti timatchedwa kalimaye, pokumbukira mulungu wamkazi Kali, ndipo tikadalipo. Mukamayenda pabasi m'midzi ya ku Flacq kapena ku Savanne yang'anani pazenera: pakati pa nzimbe mudzaona kamtengo kokhala kokha, kansalu kofiira kakupepeluka, ndi kanyumba kosaposa khola la nkhunda. Ine timalo timeneti timandigwira mtima kuposa zifaniziro za mamita 33 zija. Palibe boma limene linatimanga, palibe nduna imene inadzatitsegulira. Munthu wotopa, wochokera kodula nzimbe, ndiye anaona kuti sangakhale moyo popanda poika duwa.

Madzulo anthu ankasonkhana m'tinyumba totchedwa baithka, momwe wodziwa kuwerenga ankawawerengera Ramayana, nkhani ya Rama amene anapirikitsidwa kwawo n'kukhala m'nkhalango zaka 14. Anthu otayika kutali ndi kwawo ankaimva nkhaniyo ngati yawoyawo. M'menemonso ana ankaphunzira Chihindi, pamene pakhomo ankayankhula Chibhojpuri. Lero pamakomo a Ahindu ambiri mudzapeza kaguwa kakang'ono ka mulungu Hanuman ndi mbendera zofiira pansungwi. Malinga ndi kalembera, pafupifupi anthu 48 mwa 100 alionse m'dziko la anthu oposa pang'ono 1.2 miliyoni ndi Ahindu. Mu Africa monse palibe dziko lina lotero.

Loto la wansembe

Kumpoto kwa Port Louis kuli Triolet, mudzi wautali wotambalala m'mbali mwa msewu umodzi. Kumapeto kwake kuli Maheswarnath, kachisi woyera mbee wokhala ndi timizere tamitundumitundu, mmodzi mwa akale ndi aakulu kwambiri pachilumbachi. Anayamba kumangidwa mu 1888 ndi Pandit Sanjibonlal Ramsoondur, munthu wochokera ku India amene anapeza chuma n'kugula malo m'derali. Pali nthano yakuti pokumba maziko anapeza mphika wa ndalama zimene achifwamba a panyanja anakwirira, ndipo ndalamazo zinathandiza kumanga. Anthu a ku Triolet amaikonda nthanoyi, ndipo m'pomveka: golide uja analonjezedwa kunsi kwa miyala anapezeka kamodzi kokha, n'kupita kwa Shiva.

Bwalo la kachisiyu ndi lodekha. Pali mitengo ikuluikulu ya mthunzi, ndi tinyumba tingapo ta milungu yosiyanasiyana: Ganesh wa mutu wa njovu, amene amayamba kupembedzedwa ntchito iliyonse isanayambe; Lakshmi; Krishna; Hanuman. Pakati penipeni, m'chipinda chamdima pang'ono, muli lingam, mwala wosalala wobulungira pamwamba umene umaimira Shiva. Kutsogolo kwake kwagona ng'ombe yamphongo yosema, Nandi, maso ali pa mbuye wake. Wopembedza amathira madzi kapena mkaka pamwalapo, n'kuikapo masamba a mtengo wa bilva amene amamera atatuatatu.

Madzi amenewo ndiwo mutu wa nkhani. Amasimba kuti mu 1897 wansembe wina wa chigawo chino cha kumpoto, Pandit Jhummon Giri, analota madzi a nyanja ina ya m'nkhalango akutumphuka kuchokera mu mtsinje wa Ganga. Anaifunafuna mpaka anaipeza ku Grand Bassin, malo amene nthawi imeneyo kunalibe msewu, ndipo anthu ankati kumasamba mizimu yachikazi, n'chifukwa chake ankakutchanso Pari Talao. Chaka chotsatira, mu 1898, kagulu ka anthu kananyamuka ku Triolet wapansi, ulendo wa makilomita oposa 40, kukatunga madzi a m'nyanjayo kuti adzathire pa lingam usiku wa chikondwerero cha Maha Shivaratri. Mu 1972 madzi otungidwa mu Ganga weniweni anabweretsedwa kuchokera ku India n'kuthiridwa m'nyanjayi pamwambo waukulu. Nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, inafikanso pamalopa mu 2015 ndi mu 2025.

Wina akhoza kufunsa ngati pansi pa nyanja yamchere palidi mtsempha wa madzi wochokera ku India. Funso limenelo silinandivutepo. Chimene ndimaona n'chakuti anthu amene anauzidwa kuti powoloka nyanja ataya zonse anakana kukhala amasiye. Sakanatha kubwerera ku Ganga, choncho anamuitana, ndipo kwa zaka zoposa 125 akhala akuyenda wapansi kukakumana naye. Malo amayera ndi mapazi a anthu amene amapitako. Ife amene tili ndi Khulubvi ku Nsanje, kumene anthu amakapempha mvula kwa Mbona, tikudziwa kuti nkhalango imasiyana ndi nkhalango inzake chifukwa cha zimene mibadwo yakhala ikuchitamo.

Sabata imene dziko lonse limayenda

Maha Shivaratri, usiku waukulu wa Shiva, umagwa mu Febuluwale kapena Malichi, mwezi ukatsala pang'ono kufa. Ku Mauritius imeneyo ndi nyengo ya mvula ndi anamondwe, yotentha kugombe, yonyowa kumtunda. Kukatsala masiku angapo, misewu yonse yolowera ku Grand Bassin imadzaza ndi anthu ovala zoyera. Amachokera kumadera onse, ena kuyenda usana ndi usiku masiku awiri kapena atatu. Chiwerengero chawo chimayerekezedwa kuti chimafika 400,000, m'dziko laling'ono chotere. Masabata angapo m'mbuyo mwake amakhala atasiya nyama, nsomba ndi mowa.

Pamapewa amasenza kanwar. Poyambirira kanwar inali mtengo wansungwi wopachikapo timiphika ta madzi uku ndi uku, kuti madzi oyera asakhudze pansi. M'kupita kwa nthawi anyamata a m'midzi anayamba kuikongoletsa ndi mapepala amitundu, timagalasi, mabelu ndi zithunzi za milungu, mpaka inasanduka tinyumba tonyamulidwa ndi anthu anayi, asanu ndi atatu, kapena kukokedwa pamateyala. Amaimanga usiku kwa milungu ingapo, mudzi uliwonse kufuna kuti yawo ikaoneke. Chifukwa chothira madziwo amachifotokoza motere: milungu ndi ziwanda zitavundula nyanja, munatuluka poizoni wotha kupha dziko lonse, ndipo Shiva anamumwa n'kumusunga pakhosi mpaka khosilo linabiriwira. Madzi a opembedza ndi oziziritsa khosi limenelo.

Chimene chimakhalitsa m'maso mwa munthu amene waona ulendowu ndi m'mbali mwa msewu. Mabanja, makampani ndi timagulu ta achinyamata amamanga misasa n'kumagawa madzi, tiyi, zipatso ndi chakudya chopanda nyama kwa aliyense wodutsa, osafunsa dzina kapena chipembedzo. Ena amakhala ndi mankhwala opaka matuza a m'mapazi. Pakati pa ogawawo mumapezekanso Akhristu ndi Asilamu. Nkhalamba imayenda ndi ndodo, mwana ali pamsana pa bambo ake, mvula ikuwakhuthukira, koma mzere suduka.

Sizikhala zokoma zokhazokha. Mu Malichi 2024, pamudzi wa Arsenal kumpoto kwa Port Louis, kanwar yaitali inakhudza mawaya a magetsi n'kuyaka, ndipo anthu 6 anamwalira. Dziko lonse linalira, ndipo mkangano umene unalipo kale unakula: kodi kanwar ikule mpaka pati? Akuluakulu ambiri a chipembedzo akhala akunena kuti Shiva sayeza msinkhu wa nsungwi, ndipo boma linakhwimitsa malamulo a kukula kwake. Ine ndili kumbali ya akuluakuluwo. Anthu a mu 1898 aja ananyamula timiphika chabe. Komabe sindingawanyoze anyamata amene amagona mochedwa kumata timagalasi, chifukwa m'dziko limene achinyamata ambiri akutengeka ndi mankhwala ozunguza bongo, mnyamata amene wasala nyama mwezi wathunthu kuti asenze katundu wolemera kupita kuphiri ali ndi chinthu chomugwira.

Akafika kunyanja amapemphera m'mbali mwa madzi, kutunga m'timabotolo kapena m'timiphika tamkuwa, ena n'kukwera makwerero opita pakaphiri ka Hanuman komwe munthu amaona nyanja yonse ndi kachilumba kake kapakati. Kenako amatembenuka. Ulendo sunathe, chifukwa madziwo ayenera kukafika kukachisi wa kumudzi kwawo usiku waukuluwo usanakwane.

Singano, mkaka ndi makala a moto

Mukabwerera ku Port Louis n'kulowera chakumpoto kwa mzindawo, ku Sainte-Croix, mudzaona nsanja yosiyana kotheratu ndi kuyera kwa ku Triolet. Yadzaza ndi tizifaniziro tambirimbiri, tobiriwira, tofiira, tapinki, tosanjikizana mpaka pamwamba. Ameneyo ndi Kaylasson, kachisi wa Atamil, amene dzina lake lonse ndi Sockalingum Meenatchee Ammen Kovil. Anayamba kumangidwa mu 1854. Atamil ena anafika pachilumbachi kale kwambiri makontalakiti asanayambe, m'zaka za m'ma 1700, pamene bwanamkubwa wa Chifalansa Mahé de La Bourdonnais anaitanitsa amisiri a miyala ndi matabwa kuchokera ku Pondicherry kudzamanga Port Louis.

Apa m'pamene mlendo amazindikira kuti mawu akuti Ahindu akuphimba mitundu ingapo. Oyankhula Chihindi ndi Chibhojpuri ali ndi shivala kapena mandir. Atamil ali ndi kovil. Atelugu ndi Amarathi ali ndi makachisi awonso. Boma linagawa matchuthi mosamala kuti pasakhale wodandaula: Maha Shivaratri, Thaipoosam Cavadee ya Atamil, Ugadi ya Atelugu, Ganesh Chaturthi imene Amarathi amaitsogolera pokamiza zifaniziro zadothi za Ganesh m'mitsinje ndi m'nyanja, ndi Divali ya nyali imene aliyense amaikondwerera.

Cavadee, imene imachitika mu Januwale kapena Febuluwale, si mwambo woonera ndi mtima wopepuka. Mbendera ikakwezedwa pakachisi, odzipereka amasala masiku 10, kugona pamphasa, kudya kamodzi zopanda nyama. Tsiku lenilenilo amasonkhana kumtsinje m'mamawa, kusamba, n'kuvala nsalu zapinki kapena zachikasu. Ambiri amabooledwa lilime ndi masaya ndi singano zasiliva zooneka ngati mkondo wa Muruga, mwana wa Shiva, kuti akhale chete ulendo wonse. Ena amakolekedwa timbedza pamsana ndi pachifuwa, topachikapo mandimu. Ena amavala nkhwaira za misomali. Paphewa amasenza cavadee, chipilala chamatabwa chopindika ngati uta, chokutidwa ndi maluwa ndi masamba, chomangiriridwa timiphika ta mkaka. Amayi ambiri amasenza mphika wa mkaka pamutu, pakamwa atamanga kansalu. Amayenda opanda nsapato pamsewu wa tala wotentha, achibale akuwathirira madzi kumapazi, mpaka kukachisi, komwe mkakawo umathiridwa pa chifaniziro cha Muruga ndipo singano zimazulidwa. Ku Quatre Bornes kachisi wake ali m'mbali mwa phiri la Corps de Garde, ndipo mapeto a ulendowo ndi makwerero ambirimbiri.

Ambiri mwa anthu amenewa akubweza lonjezo. Mwana anadwala n'kuchira, ntchito inasowa n'kupezeka, banja linali pafupi kutha. Munthu analonjeza ali m'misozi, ndipo lero wabwera kudzalipira ndi thupi lake. N'chimodzimodzinso ndi mwambo woyenda pamoto, umene umachitika m'makovil ambiri m'miyezi yotentha pokumbukira mulungu wamkazi Draupadi: dzenje lalitali la makala onyeka, munthu n'kuliwoloka ndi mapazi osavala, kumapeto n'kuponda m'kadziwe ka mkaka. Ndinaonapo alendo akukankhana kuti kamera ifike pafupi ndi tsaya lobooledwa, ngati akujambula nyama ya kumalo osungira zinyama. Zinandipweteka. Nkhope imene akuijambulayo ili pakati pa pemphero.

Phiri la kummwera

Pamtunda wochepa kuchokera ku Kaylasson pali manda a Jacques-Désiré Laval, wansembe wa Chikatolika wochokera ku France amene anatumikira akapolo omasulidwa mpaka imfa yake pa 9 Seputembala 1864. Chaka chilichonse usiku wa tsikulo anthu amayenda wapansi kupita kumandako, ndipo pakati pawo pamakhala Ahindu ambiri atanyamula maluwa, monga momwe Akhristu ena amapitira ku Ganga Talao. Zikuoneka kuti pachilumba chino aliyense amamvetsa chinenero cha kuyenda wapansi.

Koma ndingakhale wabodza nditanena kuti ndi paradaiso wa mgwirizano monga amalembera m'timabuku tokopa alendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzikoli linaona zipolowe za mitundu mu 1968, chaka chimene linalandira ufulu wodzilamulira, ndiponso mu 1999 woimba wotchuka Kaya atafera m'manja mwa apolisi. Akiliyo, zidzukulu za akapolo, ambiri akadali kumunsi pa chuma, ndipo amadandaula kuti andale amathamangira kumene kuli mavoti ambiri. Pa zikondwerero za ku Grand Bassin andale sasowa pa maikolofoni.

N'chifukwa chake ndikuti Mmalawi amene wafika ku Ganga Talao atsikirenso kummwera chakumadzulo, ku Le Morne, phiri la thanthwe lotalika mamita oposa 550 limene laima m'nyanja ngati nsanja. M'mapanga ake munkabisala akapolo othawa. UNESCO inalizindikira mu 2008. Akapolo a ku Mauritius ankachokera makamaka ku Madagascar ndi kugombe la kummawa kwa Africa, ndipo pakati pa amene ankangotchedwa a ku Mozambique munali Amakua, Ayao ndi Amaravi, ogwidwa kumtunda kwathu n'kuyendetsedwa mpaka kunyanja. Amenewo ndi athu. Iwo sanaloledwe kusunga chinenero, mayina kapena akachisi a makolo awo. Chimene chinatsala chili m'ng'oma ya ravanne ndi gule wa sega. Amwenye a makontalakiti, ngakhale anazunzika, anabwera ndi mabuku awo, ansembe awo ndi mayina a midzi yawo, ndipo anatha kuitana mtsinje wawo. Athu aja analibe mpata woitana Shire kapena Zambezi. Ndinaima pansi pa Le Morne nthawi yaitali ndikuganiza zimenezi, ndipo sindinachite nsanje ndi Ganga Talao. Ndinangomvetsa kukula kwa chimene munthu amalandidwa akalandidwa pokumbukira.

Tibwerere ku makachisi: kwa eni kulibe mkuwe. Makachisi a ku Mauritius ndi otsegukira aliyense ndipo salipiritsa pakhomo, ngakhale pamakhala bokosi la zopereka. Chimene amayembekezera kwa mlendo n'chochepa: vula nsapato pakhomo, vala zophimba mapewa ndi mawondo, siya kunja lamba kapena chikwama chachikopa ngati ungathe popeza ng'ombe ndi yolemekezeka, usalowe utadya kumene nyama kapena utamwa mowa, usaloze chifaniziro ndi phazi ukakhala pansi, ndipo upemphe usanajambule munthu. Wansembe akakupatsa prasad, kachakudya kodalitsidwa, landira ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pansi pake, monga momwe timalandirira kwa akuluakulu kwathu. Akafuna kukupaka kadontho kofiira pamphumi ndipo chikhulupiriro chako sichikulola, kana mwaulemu, manja ali pamodzi pachifuwa, sakwiya. Mawu oti namaste amakwanira kwa oyankhula Chihindi, vanakkam kwa Atamil, ndipo bonzur wa Chikiliyo amamveka kwa onse. Ndipo ngati mwabweretsa nsembe m'jumbo la pulasitiki, jumbolo mubwerere nalo. Nyanjayi ndi yaing'ono ndipo imalandira anthu ochuluka.

Usiku wa Maha Shivaratri weniweniwo, ku Grand Bassin kumakhala kutayamba kuchepa anthu. Moyo umakhala wasamukira m'makachisi a m'midzi. Ku Maheswarnath makanwar amakhala ataimikidwa pabwalo, mapepala ake atanyowa ndi mvula. Mapemphero amagawidwa m'zigawo zinayi za usiku, kuyambira dzuwa litalowa mpaka mbandakucha, ndipo chigawo chilichonse lingam imasambitsidwa ndi mkaka, chambiko, uchi, mafuta a mkaka ndi madzi. Anthu amakhala pamzere, mapazi otupa atakulungidwa nsalu, aliyense atafumbata kabotolo kake. Akafika kutsogolo amagwada, kutsegula chitsekerero, n'kuthira pang'onopang'ono madzi a kuphiri aja pamwala. Madziwo amatsetsereka, kudzera m'kangalande kosemedwa m'mbali mwake, n'kutulukira kunja kwa khoma, kumene amalowa m'nthaka yakuda imene kale inali munda wa nzimbe.